Agogo Anachokera Kuti? Kulondola Makolo Kuchokera pa Chonde

(Ng'oma za tchopa zilira kwa kanthawi, kenaka zitsika)

 Pulogalamu ya lero ikuyambira pa Chonde, m'boma la Mulanje, pafupi ndi Luchenza.

Wofika pa Chonde mu Okutobala, tsiku la chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, amayamba walandiridwa ndi fumbi. Kenako fungo la nkhuni. Amayi akhala akuphika kalongonda kuyambira dzulo, kuwiritsa ndi kutaya madzi, kuwiritsanso ndi kutayanso, chifukwa nyemba imeneyi ukaifulumirira imakuzunguza mutu. Anyamata akuzungulira ndi mitolo ya gondolosi, kwinaku makaka ali pamoto. M'bwalo, ovina tchopa akutembenuka ndi katundu kumsana: zikopa za nyama, zida za kumunda ndi za ulenje, ziwiya zakale za m'nyumba. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014. Wowonera akayang'anitsitsa mitolo ija, amaona ngati anthu amene ali pa ulendo wautali.

Ndiye wina amakuwa pa chimkuzamawu: "Alhomwe, Alhomwe!" Khamu lonse limayankha kamodzi: "Noophiya!" Tanthauzo lake, tafika.

Bungwe la Mulhako linakhazikitsidwa poyera pamalo pomwepa pa 25 Okutobala 2008, motsogozedwa ndi Bingu wa Mutharika, ndipo kalembera wa 2018 anapeza Alhomwe oposa 3 miliyoni m'Malawi, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse. Kufika anafikadi. Koma mnyamata amene wavala malaya a Mulhako akuyankha mokweza uja, atamukokera pambali nkumufunsa kuti anafikayo ndani, dzina lake, chaka chake, njira imene anadzera, kawirikawiri amaseka nkunena kuti, "Zimenezo akudziwa ndi agogo." Agogowo ali kumudzi, maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo palibe amene anakhalapo nawo pansi ndi kope.

Funso lomweli limavutitsanso anthu kutali, ku Lancashire ndi ku Scotland, kumene zidzukulu za anthu ogwira ntchito m'mafakitale a thonje a nthawi ya Mfumukazi Victoria zimathera Loweruka lathunthu zikufufuza maina a makolo awo. Nkhani ziwirizi zimakumana, ndipo pokumanira pake ndi dzina limene Mmalawi aliyense amalidziwa.

Blantyre woyamba ndi mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland, ndipo unali mudzi wa fakitale yopota thonje. David Livingstone anabadwira kumeneko mu 1813, m'chipinda chimodzi cha nyumba yotchedwa Shuttle Row, imene eni fakitale anamangira antchito awo. Mabanja 24 ankakhala m'nyumba imeneyi, banja lililonse chipinda chimodzi: pophikira pomwepo, pogona pomwepo. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi woduka pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka nkupita kusukulu. Amishoni a Church of Scotland atamanga pa Kabula mu 1876 anatcha malowo Blantyre pokumbukira mudzi umenewu.

Chosangalatsa nchakuti banja la Livingstone nalonso linali la obwera. Agogo ake aamuna, Neil, anachoka pa chilumba cha Ulva mu 1792 chifukwa kamunda kawo sikankakwanira kudyetsa ana, nkudzapempha ntchito pa fakitale. Kwawo ankalankhula Gaelic, ku fakitale anapeza Chingerezi. M'buku lake la 1857, Livingstone anayamba ndi kufotokoza za agogo akewa, kuti ankatha kutchula makolo awo mibadwo isanu ndi umodzi kubwerera m'mbuyo, zonse za pamtima. Munthu wa pa Chonde safunika womumasulira nkhani imeneyi. Njala, msamuko, ntchito ya mzungu, chilankhulo chotayika mu m'badwo wachiwiri, gogo wosunga maina m'mutu: zonsezi ndi zakwawo.

Kusiyana kuli pa mapepala. Cha m'ma 1860, Lancashire inali ndi mafakitale a thonje oposa 2,500, ogwiramo anthu oposa 400,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Boma la Britain linkawalemba anthuwa mmodzimmodzi. Kuyambira pa 1 Julaye 1837, ku England ndi Wales kubadwa, ukwati ndi imfa zinayamba kulembedwa m'kaundula wa boma, ndipo Scotland inatsatira mu 1855. Kuyambira 1841, zaka khumi zilizonse, wowerenga anthu ankagogoda khomo ndi khomo nkulemba dzina, zaka ndi ntchito ya aliyense amene wagona m'nyumbamo usiku umenewo. Kalembera wa 1851 anawonjezera mudzi umene munthu anabadwira ndi ubale wake kwa mwini nyumba. Ngakhale lamulo la mafakitale la 1833, loletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito yopota thonje, linabala mapepala ena, chifukwa dokotala ankayenera kulemba kalata yotsimikiza msinkhu wa mwana.

Choncho mayi wa ku Oldham kapena Bolton lero amatsegula kompyuta atakhala pa mpando wake, nkupeza agogo a agogo ake ali ndi zaka 11, akukhala nambala yakuti pa msewu wakuti, ntchito yawo kulumikiza ulusi. Akapita zaka khumi kutsogolo amawapeza atakwatiwa ndi mnzawo wa pa makina. Ku Quarry Bank Mill, fakitale imene Samuel Greg anamanga ku Styal mu 1784, kukadali nyumba imene munkagona ana amasiye otengedwa kumalo osungira osauka, komanso makalata a mgwirizano amene anawa ankadinda. Si kuti zonse zinasungika: mapepala a kalembera wa 1931 ku England anapsa ndi moto mu 1942. Si kutinso zolembedwazo nzoona zokhazokha, pakuti makolo ankawonjezera zaka za mwana kuti alembedwe ntchito. Komabe dzina lilipo, ndipo mdzukulu akhoza kuliloza ndi chala.

(Ng'oma pang'ono)

Makina aja ankadya thonje usana ndi usiku, ndipo lambiri linkachokera kuminda ya akapolo ku America. Nkhondo yapachiweniweni itabuka kumeneko mu 1861, thonje linasowa, mafakitale anatseka, mabanja a ku Lancashire anagona ndi njala. Chaka chomwecho Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anamanga misasa pa Magomero, atakopeka ndi mawu a Livingstone akuti chigwa cha Shire chikhoza kulima thonje lolowa m'malo mwa thonje la akapolo. Mishoni imeneyo inalephera, Mackenzie anamwalira mu 1862. Koma maloto a thonje sanafe. Mu 1902 eni mafakitale anakhazikitsa ku Manchester bungwe la British Cotton Growing Association kuti lilimbikitse ulimi wa thonje m'maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo Nyasaland inali pa mndandanda wawo. Njanji ya Shire Highlands Railway, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inadutsa pa Luchenza pomwepa, nkumatsitsa mabelo ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje.

Minda inalipo, yopatsidwa kwa azungu ndi zikalata za Harry Johnston kuyambira 1892. Chimene chinkasowa ndi manja. Amang'anja ndi Ayao amene anapezeka kale pa malowa zikalatazo zinkawateteza pang'ono, ndipo nthawi ya dzinja, pamene mzungu ankafuna antchito, iwo anali kuminda yawo. Manja anachokera kuvuma.

Kutsidya kwa Ruo, Apwitikizi anali atabwereketsa zigawo zikuluzikulu za Zambezia ku makampani, monga Companhia da Zambézia ndi Boror. Asipai, apolisi awo, ankayenda m'midzi kutolera msonkho ndi kugwira amuna ku ntchito yokakamiza. Wolephera ankalawa mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chimene chinkamenyedwa m'zikhatho mpaka kutupa. Cha m'ma 1900 kunagwanso njala. Mabanja anayamba kunyamuka kuchokera kumadera ozungulira phiri la Namuli, pafupi ndi Gurúè, ena kudzera ku Milange ndi Muloza, ena kumpoto kwa phiri la Mulanje kutsikira m'dambo la Phalombe, enanso m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Sanabwere tsiku limodzi. Ankabwera kagulu kagulu, mbumba ndi mwini mbumba wake, kwa zaka zoposa makumi anayi. Kalembera wa 1921 anawerenga oposa 120,000, wa 1931 oposa 235,000, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Funde lina linabwera kuyambira 1938, Apwitikizi atayamba kukakamiza mabanja kulima thonje la mafakitale a ku Portugal. Apa mpofunika kunena kuti si Mlhomwe aliyense anaoloka malire: malire enieniwo anadulidwa mu 1891, ndipo ena anawapeza ali kale mbali ino.

Obwerawo analibe chikalata chowateteza. Mwini esiteti ankawalola kumanga ndi kulima kachigawo, iwo nkumulipira ndi thukuta. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa mfumu ndi anthu ake, anasanduka dzina la goli. Pa pepala zinkaoneka zochepa: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho. Kumunda mwezi unkatalika. Tsiku linkalembedwa pa tikiti pokhapokha mgwazo utatha, ndipo woweruza kuti watha anali kapitawo.

Kumene izi zinafika poipa kwambiri kunali ku Magomero komwe kuja. Malowo anagulidwa ndi Alexander Low Bruce, mwamuna wa Agnes, mwana wa David Livingstone, ndipo kampani ya A. L. Bruce Estates inalinso ndi esiteti ya Likulezi cha kuno ku Mulanje. Woyang'anira Magomero anali William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia. Khofi atakanika, iye anatembenukira ku thonje, ndipo thonje limafuna kupalira kosalekeza nthawi yomwe munthu akufunika kumunda wake wa chimanga. Miyezi iwiri inkafika isanu kapena kuposa. Amayi amasiye nawo ankagwira. Ena ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a John Chilembwe ankamanga pa esitetiyo ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, pa kuukira kwa Chilembwe, Listonia anadulidwa mutu, ndipo ambiri mwa amene ananyamula mikondo usiku umenewo anali Alhomwe a thangata. Mwana wolumikiza ulusi wa ku Shuttle Row anafuna thonje lopanda ukapolo. Mdzukulu wake, Alexander Livingstone Bruce, ndiye ankayendetsa kampani imene inalima thonjelo mwa njira imeneyi.

Kuno ku Mulanje ndi Thyolo mbewu imene inapambana pamapeto pake ndi tiyi, imene Henry Brown anayamba kudzala ku Thornwood mu 1891, koma goli linali lomwelo, ndipo silinachoke kwathunthu mpaka lamulo la 1962.

Tsono mdzukulu wa anthu amenewa akafuna kuchita zimene amachita mayi wa ku Oldham uja, amagunda khoma. Akalembera a atsamunda, kuyambira 1911 mpaka 1945, ankalemba azungu ndi amwenye mmodzimmodzi, koma anthu akuda ankawawerenga ngati mbuzi za m'khola: mudzi wakuti, amuna angapo, akazi angapo, mtundu wakuti. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo chiphaso cha unzika chinafika mu 2017. Pamwamba pa izo, mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba nkupsereza mafayilo ambiri a zaka zoyambirira, zaka zomwezo zimene magulu oyamba ankaoloka Ruo. Mabelo a thonje analembedwa kulemera kwake mpaka paundi yomaliza. Wolima thonjelo analembedwa ngati nambala ya nyumba ya msonkho.

Ndiye kufufuza kwa kuno kumayambira pamkeka.

(Phokoso la nkhuku ndi mtondo patali)

Tiyerekeze mtsikana wa ku Ndirande amene wabwera kumudzi kwa amayi ake pafupi ndi Chonde, kope lili m'thumba. Agogo ake aakazi ali pakhonde, lichero pamiyendo, akusenda nandolo. Akangofika nkutulutsa cholembera, nkhani yafa, pakuti nkhalamba ya kuno ikaona munthu akulemba imakumbuka kalaliki wa msonkho. Wochenjera amakhala pansi, nkutenga makoko ake, nkuyamba kusenda nawo.

"Agogo, kodi amayi anu aja ankaphika bwanji nandolo?"

"Iwe, amayi anga? Ankathira makaka. Osati zanuzi za mafuta."

"Anaphunzira kwa ndani?"

"Kwa amayi awo, eni ake oolokawo. Anabwera atabereka mwana kumsana, mphika pamutu. Mwanayo anafera m'njira, anamuika pamtsinje."

"Mtsinje wanji, agogo?"

Apa chala cha gogo chimaima pa lichero. Amatchula dzina la mtsinje, katchulidwe kake kachilendo m'makutu a mwana wa m'tauni. Dzina limenelo ndilo chikalata choyamba, ndipo liyenera kulembedwa monga momwe lamvekera, osalikonza kuti lifanane ndi Chichewa. Foni ya m'manja ikajambula mawuwo, atapempha kaye chilolezo, ndi bwino koposa, chifukwa wodziwa Chilhomwe adzamva mmenemo zimene cholembera chataya.

Msampha woyamba umene ophunzira sukulu amagwamo ndi wotsata dzina la bambo. Mayi wa ku Oldham amatero chifukwa kwawo dzina ndi nyumba zimayenda ndi amuna. Kuno mwamuna ndi mkamwini: anabwera, anamanga, mwina anapita. Munda, manda ndi ufumu zimayenda ndi amayi. Wofufuza amene akutsata dzina lomaliza la pa satifiketi yake amapezeka ali m'mudzi wa eni, akufunsa anthu amene sakumudziwa. Funso lothandiza ndi lakuti amayi anabadwa kwa ndani, amayi awowo kwa ndani, ndipo atsibweni amene ankayang'anira mbumbayo anali yani. Nthawi zambiri dzina la mudzi ndilo dzina la munthu amene anatsogolera gululo pooloka, chifukwa mwini esiteti kapena mfumu yopereka malo inkamuika iyeyo kukhala nyakwawa. Dzinalo lakhala likulowedwa ndi adzukulu mpaka lero, kotero kuti "agogo Akuti" akhoza kukhala anthu anayi osiyana. Kufunsa kuti, "Amene analipo nthawi ya njala ya 1949 anali wachingati?" kumalekanitsa anthuwo.

Zaka nazo zimapezeka mwa njira yomweyo. Gogo sanena kuti 1915, amati nthawi ya nkhondo ya Chilembwe. Sanena kuti 1918, amati amuna atatengedwa ku mtengatenga, kapena chaka cha chimfine chimene chinatha anthu. Pali dzombe la m'ma 1930, pali njala ya 1949, pali chitaganya, pali chaka chimene Kamuzu anabwera, 1958. Munthu amene "anali atangotha msinkhu pa njala" wapatsidwa kale chaka chobadwa, kuphonya kwake zaka ziwiri kapena zitatu.

Funso lina limene limatsegula njira ndi lakuti, "Ife ndife Alhomwe ati?" Dzina lakuti Alhomwe ndi denga lalikulu, pansi pake pali Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Akokhola, Amarevoni, Alikhuku, Anyamwello, Amarenje ndi ena. Maina ambiri mwa amenewa amaloza malo ku Mozambique, phiri, mtsinje kapena mtundu wa dothi kumene gululo linkakhala. Gogo amene waiwala chaka saiwala kuti iye ndi Mmihavani. Pansi pa gululo palinso mfunda wa kuchikazi, ndipo anthu awiri a mfunda umodzi, ngakhale mmodzi ali ku Phalombe wina ku Gurúè, amadziwana kuti ndi abale osakwatirana.

Maina a anthu ndiwo amasokoneza kwambiri. Mwamuna mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali, lina la ubatizo, lina limene kalaliki wa pa esiteti anamupatsa atalephera kulemba lenilenilo, ndi linanso limene anadzipatsa yekha pothawa msonkho kapena polembetsa ulendo wa ku Joni pa Wenela. Maina monga Juwawo ndi Zuze ndi João ndi José atavala Chichewa, ndipo amanena okha kuti mwini wake anadutsa m'manja mwa Apwitikizi. Botomani, Sitima ndi Kapitawo amanena ntchito. Ndipo ambiri anabisa dala maina a kwawo. Mawu akuti Anguru, amene boma ndi anansi ankawatchulira, anali chitonzo, moti ana ankakula akumva makolo akulankhula Chilhomwe monong'ona m'nyumba, pabwalo Chinyanja. Lewis Mataka Bandawe, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa mishoni ya Mihecani ku Mozambique namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, anatsogolera bungwe la Lomwe Tribal Representative Association, ndipo mu 1943 boma linavomera kusiya mawu onyozawo m'makalata ake. Wofufuza ayenera kudziwa izi pa chifukwa chimodzi chosavuta: m'mafayilo a chaka chimenecho chisanafike, akafuna mawu akuti Lomwe adzapeza zochepa. Makolo ake ali pansi pa dzina lomwe ankadana nalo lija. Buku la Bandawe la mbiri ya moyo wake, limene Bridglal Pachai anakonza nkutuluka mu 1971, ndi limodzi mwa mabuku ochepa mmene munthu woolokayo akudzifotokozera yekha.

Mapepala otchula munthu ndi dzina alipo ndithu, kungoti ali m'manja mwa mipingo. Ansembe a Montfort, amene anatsegula Nguludi mu 1903, ankalemba m'kaundula wa ubatizo dzina la wobatizidwa, la bambo, la mayi, mudzi ndi mboni, ndipo m'mphepete ankawonjezera za ukwati wake. Mipingo ya Church of Scotland, imene lero ndi CCAP Blantyre Synod, kuphatikizapo Mulanje Mission, inkasunga mabuku a ubatizo, a chikwati ndi a milandu ya sesheni. Kuli Malamulo ku Thyolo, ya mu 1902, ndi PIM ya John Chilembwe ku Mbombwe, imene inagwetsedwa mu 1915 nkutsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu. Mabuku ena anadyedwa ndi chiswe, ena ali m'kabati ya abusa, ndipo salola munthu kungofika nkuyamba kuvundukula. Kalata yochokera ku mpingo wa kwanu imathandiza. Mabuku a sesheni ali ndi vuto lake: gogo amene banja limamukumbukira ngati mzati wa mpingo akhoza kupezeka mmenemo atadulidwa chifukwa chophika kachasu.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947. Kumeneko chothandiza kwambiri ndi mabuku a maboma amene ma DC ankalembamo mafumu, midzi, kumene anthu ake anachokera ndi mikangano ya malo. Mulinso umboni umene anthu anapereka ku komiti yofufuza za kuukira kwa Chilembwe, ndi wa komiti ya Sir Sidney Abrahams ya 1946 yoona za malo. Dzina la agogo mwina silipezeka, koma la nyakwawa yawo ndi la esiteti limapezeka, ndipo zimenezo zimatsimikiza kapena kutsutsa za pamkeka zija. Ku Blantyre, pamwamba pa Mandala House, laibulale ya Society of Malawi imasunga zithunzi ndi mabuku akale a maesiteti ndi eni ake. Landeg White anaonetsa kuti njira ziwirizi zikhoza kulukidwa pamodzi: m'buku lake la 1987 lonena za Magomero, anaika mafayilo a ku Zomba pambali pa zimene anamuuza anthu a m'midzimo, ambiri a iwo amayi okalamba, ndipo mabanja amene kalembera anawasandutsa manambala anatulukamo ndi maina awo.

Manda nawo amalankhula, koma kumanda sapita munthu yekha ngati akupita kumsika. Amayamba wapempha kwa mfumu, nkupita ndi wamkulu wa mbumba amene amadziwa kuti mtumbira wopanda chizindikiro uli pansi pa mtengo uwo ndi wa yani. Mbumba imagona pamodzi, ndipo amene ali pakatikati, pamene mitengo yakula kwambiri, ndiwo oyamba kufika. Banja limene manda ake akale ali mkati mwa munda wa tiyi, kachilumba ka mitengo pakati pa mizere yobiriwira, ladziwa kale esiteti imene makolo ake ankagwirako thangata asanasamutsidwe.

Thonje lija linabwereranso mwa njira ina. Mu 1967 ku Blantyre kunatsegulidwa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, dzina la banja la eni mafakitale a ku Rawtenstall, ku Lancashire komweko. Ana ndi adzukulu a anthu a thangata ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu anakwera sitima pa Luchenza kukaima pa makina opota ndi oluka, nkumakhala ku Ndirande. Fakitaleyo inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003. M'masutikesi a m'nyumba zambiri mukadali makadi a ntchito a nthawi imeneyo, okhala ndi chithunzi, nambala, mudzi, mfumu ndi boma la kwawo. Kwa mabanja ena limeneli ndilo pepala loyamba pamene dzina la munthu wa m'banjamo linalembedwa pamodzi ndi nkhope yake.

(Ng'oma za tchopa ziyambanso chapansipansi)

Mtsikana wa ku Ndirande uja tsopano ali ndi masamba asanu ndi limodzi: amayi anayi otsatizana, dzina la gulu, dzina la esiteti, ndi mtsinje umodzi umene sukupezeka pa mapu a m'foni yake. Pa chikondwerero cha pa Chonde pamabweranso mafumu ndi magulu ovina ochokera ku Mozambique. Iye amadikira gule athe, nkupita kumene alendowo akhala pamthunzi akupukuta thukuta, nkugwada patsogolo pa mayi wachikulire. Vuto nlakuti iye Chilhomwe amangodziwa moni, mayiyo Chichewa amangomva patalipatali, Chipwitikizi ndiye mtsikanayu sachidziwa nkomwe. Amaitana wogulitsa gondolosi wa ku Muloza kuti awamasulire. Kenako amatsegula foni, nkuika pakhutu pa mayiyo mawu a agogo ake akutchula mtsinje uja, ndipo mayiyo amapempha kuti abwerezenso, pang'onopang'ono.

(Ng'oma zikwera, pulogalamu itha)